Mphindi Zisanu za Atelala

"Kuno munthu amabwera lilime lili gwa, koma pakangotha mwezi ndiye wailesi. Palibe membala wanga amene sanaimepo kutsogoloku."

Awa anali apampando a kalabu yophunzitsana kuyankhula pagulu. Ankauza mlendo wochokera ku likulu la makalabu, yemwe anabwera kudzaona ngati kalabuyo ikuyenera setifiketi. Atelala, mayi wosoka zovala amene ankapukuta mabenchi kumbuyo kwawo, anangopitiriza kupukuta. Anali atatha zaka ziwiri m'kalabumo, ndipo mawu okhawo amene anayankhulapo pagulu anali akuti "ndilipo".

Sikuti ankawakaniza. Tsiku lomwe analowa, apampando anawagwira dzanja nkunena kuti, "Mayi, mphindi zisanu zanu ndakusungirani." Kenako anawapatsa wotchi ndi makhadi atatu kuti azisunga nthawi. Dzina lawo linkalembedwa Lachinayi lililonse, koma kumapeto kwa ndandanda. Chipindacho chinali cha laibulale, mlonda ankatseka sikisi koloko, ndipo mawu otsegulira a apampando, oyenera kutenga mphindi zitatu, ankayambira pa ubwana wawo. Nthawi inkatha asanafike pa dzina la Atelala.

Panali lamulo lolembedwa ndi apampando omwewo: khadi lofiira likakwezedwa, anthu aombe m'manja mpaka woyankhulayo akhale pansi. Lamuloli linali litalumapo aliyense kupatula mwini wake.

Tsikuli Atelala sakanadikiranso. Mwana wawo anali atachotsedwa sukulu chifukwa cha ndewu, ndipo komiti ya sukuluyo inawapatsa mphindi zisanu m'mawa wotsatira kuti akampepesere. Zokanena anazilemba m'kope la miyeso, pansi pa chiuno ndi mapewa a kasitomala wina, koma anali asanazinenepo pamaso pa munthu. Akayesa kunyumba, ankalekezera panjira.

Apampando anaimirira, nakonza tayi. Pa mphindi ziwiri Atelala anakweza khadi lobiriwira. Apampando anali akadali sitandade 3. Anakweza lachikasu, apampando analigwedezera mutu ngati mnzawo wakale. Zitakwana mphindi khumi ndi ziwiri, Atelala anayang'ana kope lija, nakweza lofiira. Dzanja silinatsike.

Woyamba kuomba m'manja anali dalaivala wa basi yemwe ankakhala pakona, ena nkutsatira. Apampando anawerama mwaulemu.

"Zikomo, zikomo. Musandichititse manyazi pamaso pa alendo. Ndiye monga ndimanena..."

Anthu anaomberabe. Apampando anaweramanso. Ulendo wachitatu ndi pomwe maso awo anagwera pakhadi lija, ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati mpando ndi wobwereka.

"Lamulo labwino," anatero mlendo, akulemba. "Kodi mayi osunga nthawiwa anayankhula liti komaliza?"

"Ameneyo ndi katswiri wathu," apampando anayankha. "Timamusungira masiku akuluakulu."

"Ndiye mwamusunga ndithu, bwana," anatero dalaivala. "Zaka ziwiri. Ngakhale suti yaukwati imatulukako kukaona dzuwa."

Atelala anaimirira. "Apampando, munati mwandisungira mphindi zisanu. Ndabwera kudzatenga. Mawa ndili nazo ntchito, ndikukapepesera mwana wanga ku komiti ya sukulu."

Apampando anayang'ana mlendo, nayang'ana pakhomo pomwe mlonda anali atayamba kale kuliza makiyi. Kenako anapita kukakhala pampando wa Atelala, natenga wotchi ndi makhadi. Zinaoneka kuti sankadziwa poyambitsira wotchiyo, mpaka dalaivala anawasonyeza.

Atelala anayamba ndi chibwibwi, napepesa katatu asananene chilichonse.

"Kupepesako kamodzi kokha, achemwali," anatero mphunzitsi wina wopuma ntchito. "Komiti imatopa. Tiuzeni za mwanayo."

Atelala anatseka kope. Anafotokoza za mnyamata amene amawatolera mapini pansi asanapite kusukulu, amene anamenya mnzake, ndipo analakwa, ndipo akudziwa kuti analakwa. Anapempha teremu imodzi yokha yomuyesera. Sanalekezere panjira. Ngakhale mlonda anasiya kuliza makiyi.

Atelala atamaliza anafunsa, "Zakwana zingati?"

Apampando anasuzumira pawotchi. "Zinayi ndi theka."

"Theka lotsalalo ndi chenji chanu. Mutsekere nalo msonkhano."

Apampando anaimirira, nakonza tayi, nayang'ana khadi lofiira lomwe Atelala anali atalitenganso.

"Msonkhano watha," anatero.