Mawu Amene Marcia Analembera ku Ofesi

Marcia Dombrowski anali atawerenga kalatayo kanayi pamene mkulu wake Gayle analowa akusasa chipale chofewa pa jekete. Kalatayo inachokera kwa loya wa Halvorsen ndi Ana, kampani yaikulu yokonza maliro mumzinda wa Duluth ku America, kumene Marcia anagwirako ntchito zaka khumi ndi zisanu asanatsegule kakampani kakekake. Inati mawu a pa tsamba la Marcia la pa intaneti ndi akuba, ndipo akapanda kuwachotsa pofika Lachisanu masana, tsamba lonse litsekedwa.

Apa madzi anafika m'khosi. Marcia analibe chikwangwani pamsewu waukulu, analibenso abusa omutumizira anthu. Ofedwa ankamupeza pa foni zawo ali m'khonde la chipatala, ndipo ambiri ankayamba ndi mawu amodzimodzi: tawerenga zimene munalemba zija. Popanda mawuwo, ndani akanaimba?

Chowawa kwambiri n'chakuti mawuwo anawalemba yekha, patangotha milungu itatu chiikire mwamuna wake Walt m'manda. Anali malangizo a tsiku loyamba munthu akafedwa: idyani ngakhale simukufuna, kuseka pa maliro si tchimo, musathamangire kuchapa malaya a malemu chifukwa fungo lija mudzalifuna.

"Ndiye akuti wadzibera wekha?" anatero Gayle. "Vala nsapato ukaonane naye Trent. Mbewa ya manyazi inafera ku una."

Trent Halvorsen ndiye ankayendetsa kampaniyo chimwalirire bambo ake. Mwana wa dzulodzuloli, amene Marcia ankamupukuta mamina mu ofesi yomweyo, tsopano anali ndi tayi ndi kaulemu kaja koterera kamene sikagwirika. Anamuthirira khofi, anamufunsa za bondo lake, kenako anatulutsa pepala lofiirira ndi ukalamba. Linali limene Marcia anasaina tsiku lolembedwa ntchito. Pansi penipeni panali mzere woti chilichonse cholembedwa pa nthawi ya ntchito ndi cha kampani.

"Kompyuta siinama, amayi," anatero Trent. "Munalemba Lachiwiri, teni koloko m'mawa, pa desiki yathu."

Zinali zoona. Masiku amenewo Marcia sankatha kukhala m'nyumba mwake, ndiye anabwerera kuntchito tchuthi chisanathe. Akanalembera pa tebulo la kukhitchini, mlandu sukanakhalapo. Cholakwa chake chinali kulirira ku ofesi.

Anachonderera, iye amene sanachondererepo munthu. Anakumbutsa Trent kuti bambo ake analira atawerenga mawuwo, nanena kuti mwini mawuwo ndi Marcia mpaka kalekale. Trent anafunsa ngati bambowo analemba zimenezo penapake. Sanalembe.

"Tenga zonse, mwanawe," anatero Marcia. "Undisiyireko ka ndime ka malaya kokha. Malaya amenewo anali a Walt."

"Ndikukumvetsani, inetu. Koma loya wati ndikakusiyirani ndime imodzi, ena onse amene atikopera adzati nafenso."

Marcia anatuluka khofi asanamulawe. Loya wina wa ku tchalitchi chawo anamuuza pa foni kuti pepalalo ndi lolimba, ndipo kusintha liwu apa ndi apo sikungamupulumutse. Afunika mawu atsopano kotheratu.

Lachitatu ndi Lachinayi anakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa. Akayamba chiganizo, chinkathera kumene chinathera kale. Akachipotoza dala, chinkamveka ngati malangizo a pa botolo la mankhwala. Gayle anamubweretsera sangweji, nayesa kumuseka kuti mbalame siiwala nyimbo yake, koma ataona nkhope ya mng'ono wake anangoika mbale n'kutuluka. Marcia anali ndi mantha enieni. Chisoni chimene chinalemba mawu aja chinali chimodzi, ndipo sakanachiyambanso kachiwiri.

Lachisanu, kutatsala mphindi makumi awiri kuti nthawi ya m'kalata ija ikwane, anafufuta zonse. Anasiya dzina lake, nambala ya foni, ndi mawu oti imbani nthawi iliyonse. Tsamba linapulumuka, koma mlungu wonse wotsatira foni inalira kawiri kokha.

Tsiku lina ku golosale anakumana ndi mayi Lindqvist, mphunzitsi wopuma amene mwamuna wawo anali atangomwalira. Mayiwo anamugwira dzanja n'kupepesa kuti maliro anawapereka kwa a Halvorsen. Anati anawerenga mawu a malaya a malemu aja pa tsamba la a Halvorsen ali kuchipatala, ndipo mtima unagwera pomwepo.

"Trent uja, mwana wamng'ono chonchija, koma kulemba kwake ngati wamasiye weniweni. Zimenezi anazidziwa bwanji?"

Marcia anafuna kunena kuti analemba ndi iye. Koma anaona maso otupa a mayiwo.

"Zinakuthandizani?" anafunsa.

"Kwambiri."

Marcia anagwedeza mutu, nawanyamulira matumba awo mpaka pa galimoto.