Dothi la Pamanda a Atate

Atate anamwalira mu 1997, mvula ili pakati, msewu wa ku Lundazi utasanduka phala. Mchimwene wanga Chiza, amene ankaphunzira ku Japani, anafika kwathu ku Tembwe chimanga chitayamba kale kuuma. Anapeza amayi ataonda, ndipo sichinali chisoni chokha chimene chinawaondetsa. A Meshack, mng'ono wawo wa atate, anali atasonkhezera abale kuti amayi ndiwo anadya mwamuna wawo. Munthu wakhosomola magazi mpaka kutheratu, achipatala ku boma anena poyera kuti ndi chifuwa chachikulu, koma ayi, mfiti ipezeke basi! Anagamula kuti amayi akangokolola, asiye munda ndi nyumba, azibwerera kwawo.

Chiza anabwera ndi zithunzi za ntchito yake. Ine ndinkati ndimuona atatsamira galimoto, koma ndinangoona tizingwe totuwa topiringizana ngati mizu ya udzu. Anatifotokozera tili pakhonde tikuswa mtedza. Akuti amatenga kachidutswa ka khala n'kukalasa ndi kuwala koopsa kotchedwa leyiza mpaka kafuke. Mwaye wakewo amauika m'chimakina chotalika kuposa munthu, maikulosikopu ya maelekitironi, chimene chimaonetsa timapaipi tochepetsetsa, moti tsitsi limodzi pambali pake ndi mtengo wa mlambe. Mphunzitsi wake akuti ankalota zolowetsa kuwalako m'makina momwemo kuti azitiona tikumera.

Ine ndinafa nako kuseka. "Manje iwe, ulendo wonse uja kukaphunzira mwaye? Si uyu wadzala kudenga uku?"

Amayi sanaseke. "Ayo makina, aona vinthu vamene maso sangaone?"

"Ee, amama."

M'mawa mwake amayi anamuitanira kuseri kwa nkhokwe, ine ndikupeta pafupi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa dothi lofiira la pamanda a atate, lokulungidwa m'pepala la shuga. Kwathu munthu akafa mokayikitsa, abale amatapa dothi pamanda kupita nalo kwa sing'anga kuti akaone wapha, ndipo mlandu sugamulidwa wopita nalo asanabwere. Amayi anali a Umanyano, gulu la amayi kutchalitchi, za asing'anga anazikana moyo wawo wonse. Koma makina a kusukulu, amenewo sanawaone ngati tchimo.

"Tenga, mwana wanga, ukaike m'makina yako."

Chiza analiyang'ana dothilo. "Amama, makina aja saona ufiti. Nikaikamo ili dothi, nizaona chabe mchenga na tumiyala."

"Dzina langa simuzapezeka?"

"Iyai, amama."

"Ndiye ukabwere uwauze atate ako ang'ono."

Ndinamumvera chisoni mchimwene wanga. Anayamba kufotokozanso, za maelekitironi, za zimene makina angathe ndi zimene sangathe, koma amayi anangomuikira kapepalako m'manja. Kukolola kunali pafupi, ndipo iye sankadziwa n'komwe kuti adzabweranso liti.

Anatenga kapepalako ndi zithunzi zija n'kulunjika kwa a Meshack, ine ndili pambuyo. Anagwada bwinobwino, mwana woleredwa, n'kuziyala pamphasa.

"Atate, dothi la pamanda nipita nalo ine. Makina yathu aona na tunthu tobisika mkati mwa mwaye. Mpaka yankho ibwere, amama asachoke."

Bodza sananene, koma zimene anauza amayi zija sanazitchule. A Meshack anazitembenuza zithunzizo uku ndi uku, kumwamba kupita pansi. Mwambo unali wawo womwe, akanaukana bwanji? Ndipo ndani angadziwe dzina limene chimakina chotere chingatulutse? Anakhosomola pang'ono n'kunena kuti tidikire.

Yankho silinabwere. A Meshack sanalifunsepo ngakhale tsiku limodzi. Amayi analima munda wawo mpaka ukalamba, ndipo tinawaika pafupi ndi amuna awo. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti amayi ankaliyembekezeradi yankholo. Aliyense wochokera ku boma akafika pakhomo, amayi ankaleka zogwira n'kufunsa ngati Chiza watumiza mawu.