Tsiku Limene Ngalande Yathu Inakambidwa ku Koleji

Ndikuponyereni ndagi, inu amene mukuwerenga. Ndili ndi kanthu kanga: mutu ngati dzira, mchira ngati wa khoswe, pakamwa kalibe koma kamakuwa kuposa tambala. Mukakapatsa munthu wamanyazi kamanjenjemera, mukakapatsa wodzitama sikabwereranso. N'chiyani? Mwagonja? Ndi maikolofoni! Ine ndinakaona pafupi chifukwa cha ngalande, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Ndimakhala kwa mlongo wanga wamng'ono, amene ndi telala. Ana ake amanditchula azakhali, ndiye mzere wathu wonse unangotengera pomwepo, ngakhale nkhalamba zinzanga. Chipinda chakutsogolo kwa nyumba ndiye shopu: makina osokera awiri, tebulo lodulirapo nsalu, ndi chingwe chopachikapo zovala za makasitomala. Kuseri kwa nyumba kumadutsa ngalande yaikulu, ndipo pamene imalowa pansi pa msewu pali chipaipi cha simenti. Chipaipicho chinatsekeka ndi mchenga, mabotolo ndi mapulasitiki.

Chaka chatha mvula itagwa, madzi anasowa njira, n'kubwera kudzatichezera m'nyumba osagogoda. Diresi ya mkwatibwi wina tinaipeza ikusambira pansi pa tebulo. Makina amodzi anachita dzimbiri. Tinayesa kufukula chipaipicho ndi makasu ndi mafosholo, koma ndi chachitali, ndipo mchenga unali utauma gwa.

Mitambo itayambanso kusonkhana, makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasokedwa.

"Achemwali," anatero mlongo wanga, "madzi akalowanso chaka chino, shopu yatha. Palibe adzatisiyirenso nsalu."

Tsono mlamu wanga, mkazi wa telalayo, ali ndi mlongo wake wamkulu. Ana amati amalume, koma ife tonse timati a Ndikuwadziwa. Jekete savula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo m'thumba mumakhala zolembera zitatu, zonse zosalemba. Mutchule munthu wamkulu aliyense, iwo amamudziwa.

"Mkulu woona za ukhondo ku khonsolo?" anatero atamva dandaulo lathu. "Ameneyo ndi mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo! Tinkakhala desiki imodzi. Ndikangomuimbira, mawa galimoto ili pano."

Tinadikira. Tikawafunsa, lero akuti foni ikungoitana, mawa akuti mnzawoyo wapita kunja. Mitambo ndiye inkangoderaderabe.

Tsiku lina kunabwera neba wathu, mayi amene amagwira ntchito ku laibulale ya koleji ili kumtunda kwa msewu wathu. Anabweretsa siketi kuti aibweze m'chiuno. Ataona mlamu wanga akukweza nsalu zonse pamwamba pa kabati, anafunsa chimene chavuta. Tinamufotokozera.

"Bwanji osabwera ku koleji Lachinayi masana?" anatero. "Mkulu wa zaukhondo ameneyo ndiye mlendo wathu sabata ino. Akamaliza kuyankhula, anthu adzafunsa mafunso."

Mlongo wanga anaseka. "Ife ku koleji? Pageti paja mlonda amandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba njinga."

"Munayesapo kulowa?"

"Ayi."

"Ndiye mlondayo amangodabwa kuti bambo uyu akuzungulirazunguliranji. Lachinayi lililonse holo imakhala yotsegula kwa aliyense. Koleji imaitana alendo. Wina amadzakamba za zisankho, wina za malamulo, ena ndi oimba, ena olakatula ndakatulo, ena a zisudzo. Salipiritsa, ndipo safunsa satifiketi. Mipando yambiri imangokhala yokha chifukwa anthu a kuno amaganiza ngati inuyo."

"Ngakhale ine," ndinafunsa, "amene ndikalemba dzina langa anthu amati papepala papalasa nkhuku?"

"Makamaka inu, azakhali. Msonkho wa pamsika mumapereka, pa chisankho mumavota. Mkulu ameneyo amagwirira ntchito inu."

Kenako anatiphunzitsa kafunsidwe. Anati funso likhale lalifupi. Unene kumene ukuchokera, unene vuto, ufunse kuti adzalikonza ndani ndipo liti, basi ukhale pansi. Osatukwana, osalozana zala.

"Anthu ambiri akagwira maikolofoni amayamba ulaliki," anatero. "Nthawi imatha, mlendo n'kusowa choyankha chifukwa sanafunsidwe kanthu."

"Ndifunsa ndine," ndinadzipereka.

"Ayi, achemwali, chonde," anatero mlongo wanga. "Inu mukayamba nthabwala, tikabwerako ngalande itaiwalika."

"Ndiye ufunse iweyo."

"Ine ndikaima pagulu lilime limasanduka njerwa."

Mlamu wanga anali pakona, akusita malaya. Ndi munthu wofatsa, woti akamayankhula umachita kuzimitsa wailesi. Anaika simbi pansi n'kunena kuti, "Matope aja ndinakolopa ndine. Ndifunsa ndine."

Masiku otsatirawo tinkayeserera m'shopu. Iye ankagwira supuni ngati maikolofoni, ine ndinkakhala pampando wa makasitomala ngati bwana, magalasi a mlongo wanga ali pamphuno.

"Kwezani mawu, mayi!" ndinkakuwa. "Mukunong'oneza supuni kapena mukufunsa boma?"

A Ndikuwadziwa anatipeza tili mkati moyeserera, ndipo anapukusa mutu. "Mlongo wanga kukaimika dzanja ngati mwana wa sukulu? Zamanyazi. Ine ndidzabwera, koma mochedwerapo. Anthu akuluakulu safika limodzi ndi osesa. Ndidzangomukokera mnzangayo pambali, mawu awiri, nkhani yatha."

Lachinayi tinanyamuka kagulu ndithu: ife atatu, wosoka nsapato wa pakona, mayi wogulitsa makala, ndi ena a mumzere mwathu amene madzi amawalowera. Pageti mlonda anangoti, "Ku holo? Tsatirani njira ya maluwayo." Mlongo wanga anachita kumuthokoza kawiri.

Holoyo mipando yake imakwera ngati masitepe. Kudenga kunali mafani akuzungulira, kutsogolo kuli nsanja yokhala ndi makatani ofiira, tebulo, ndi kapu ya madzi. Ophunzira anatisunthira kuti tikhale. Mphunzitsi wina amene ankatsogolera mwambowo anatilandira tonse, n'kuitana mlendo.

Abale anga! Amene anakwera pansanja anali mayi. Wamfupi, wa magalasi, nsapato zake zafulati.

Ndinagunyuza mlamu wanga. "Mlamu, alongo anu aja sanatiuze kuti mnzawo amavala diresi."

"Azakhali, musandiseketse, ndiiwala funso."

Mayiyo anayankhula momveka bwino, ngakhale ine ndinatola zambiri. Anati ukhondo wa mzinda uli ndi eni ake awiri. Khonsolo imachotsa zinyalala ndi kutsegula ngalande zikuluzikulu, koma anthu ndiwo ayenera kuleka kutayamo zinthu. Anati dera lililonse lili ndi kapitawo wake, komanso khansala amene tinamusankha tokha, ndipo ntchito yake ndi kunyamula madandaulo athu.

Nthawi ya mafunso itakwana, maikolofoni inayamba kuyenda. Woyamba kuigwira anali bambo wina wa tayi. Anathokoza koleji, anathokoza makolo ake, anafotokoza maiko amene anayendako, kenako anayamba mbiri ya zinyalala kuyambira pa chigumula. Wotsogolera mwambo anayang'ana wotchi, anatsokomola, mpaka anachita kupita kukaitenga maikolofoniyo m'manja mwake.

"Funso lanu ndi loti chiyani, bambo?"

"Ndimafika kumeneko."

"Mudzafika sabata yamawa. Wina?"

Mlamu wanga anaimika dzanja. Atapatsidwa maikolofoni, anaimirira. Ndinamutsina pang'ono pantchafu, mawu n'kutuluka.

"Zikomo, mayi. Ine ndimakhala kumunsi kwa msewu uno, kuseri kwa malo okwerera basi. Chipaipi cha ngalande pansi pa msewu chinatsekeka, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba zathu. Tayesa ndi makasu, talephera. Ndimafuna kudziwa: adzatitsegulira ndani, ndipo liti?"

Anakhala pansi. Ophunzira anaomba m'manja, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Funso ndi limenelo!"

Mkulu uja anafunsa ngati tinakanenapo ku ofesi kapena kwa khansala. Tinayang'anana. Wosoka nsapato ndiye anayankha: "Tinkadalira munthu wina amene amati amadziwana nanu."

"Nkhaniyi ndikuimva koyamba lero," anatero mayiyo. "Simufunika kudziwana nane kuti muthandizidwe. Kapitawo wa dera lanu abwera kumayambiriro kwa sabata yamawa ndi anthu ake. Akapanda kubwera, mudzandipeze ku ofesi, ndipo khansala wanu mumuuzenso. Koma nanenso ndifunse. Mabotolo ali m'chipaipimo anagwa ndi mvula?"

Holo yonse inaseka, ife tikuyang'ana nsapato zathu.

"Ife titsegula," anapitiriza. "Inu muonetsetse kuti zinyalala zikupita ku malo ake. Tagwirizana?"

"Tagwirizana!" tinayankha.

Mayiyo anatsika n'kukhala pampando wakutsogolo, chifukwa ophunzira anali atakonza sewero. Makatani atatseguka, tinaona mnyamata atavala suti, mimba ili uko, ndevu zojambula ndi makala, miyendo ili patebulo. Ankasewera ngati bwana waulesi wa zaukhondo. Aliyense wobwera kudzadandaula ankamuuza kuti, "Bwerani mawa!" Mkulu weniweni uja ndiye ankaseka kuposa tonse.

Sewero lili pakati, chitseko cham'mbali chinatseguka. Analowa a Ndikuwadziwa, jekete yositidwa, nsapato zikuwala. Anamva mtsikana wina pansanja akuti, "Bwana wa zaukhondo, tithandizeni!" Anaona suti, anaona mimba. Sanafunse munthu. Anakwera masitepe a nsanja manja ali tambasu.

"Mnzanga wakalekale! Koma ndiye wanenepatu!"

Mlamu wanga anabisa nkhope m'manja. Mlongo wanga anafuna kuimirira kuti akawaletse, ine n'kumukoka malaya. "Khala pansi, iwe. Zaulere izi."

Mnyamata uja anali wochenjera. Anangotsitsa miyendo n'kunena ndi mawu aakulu, "Aaa! Ndiwe kodi? Bwera mawa!"

Anthu anafa nazo, akuganiza kuti ndi mbali ya sewero. A Ndikuwadziwa anatembenukira kumene tinakhala, chifuwa chili patsogolo.

"Mwaona? Nthabwala zake sanasinthe! Ankatero kusukulu komwe. Iwe, nkhani ya ngalande ya mlongo wanga ija, ndikufuna ithe sabata ino."

Atatero anamukumbatira mwamphamvu, kumunyamula pang'ono. Batani la suti linaduka. Mimba ya bwana inatsetsereka n'kugwa pansi kuti phu! Inali pilo, wamaluwamaluwa. Ndevu za makala zinatsalira pa kolala ya a Ndikuwadziwa.

Anaima, akuyang'ana pilo, akuyang'ana mnyamata wowonda ngati ndodo ali m'suti ya eni ake. Wotsogolera mwambo anabwera akupukuta misozi.

"Bambo, uyu ndi wophunzira wathu wa chaka choyamba. Mkulu wa zaukhondo ndi mayi ali apawa."

Mayiyo anaimirira, n'kuwerama mwaulemu. "Ndasangalala kukudziwani, bambo. Nkhani ya ngalande mlongo wanu waimaliza kale."

Kuseka kwake! Wosoka nsapato anagwa pampando. Ine nthiti zinandipweteka mpaka Lamlungu.

Sabata yotsatira kapitawo anabweradi ndi anthu ake, atanyamula zitsulo zazitali ndi galimoto yopopa madzi. Zimene zinatuluka m'chipaipimo sindingazitchule zonse, munali ngakhale chitseko cha firiji. Ife a mumzere tinagwirizana zoika migolo iwiri ya zinyalala pakona, ndipo khansala anakonza zoti galimoto izidzazitenga. Mvula yoyamba inagwa yamphamvu. Tinaima pakhomo kuonerera madzi akudutsa pansi pa msewu ngati ana omvera. M'shopu munali mouma, ndipo nsalu za makasitomala zinayamba kubwerera pachingwe.

Tsono mverani, abale anga. Misonkhano ya poyera imene imachitika ku koleji, ku holo kapena kusukulu ndi yanu, kaya munaphunzira kaya simunaphunzire. Pitani, fikani nthawi yabwino, mvetserani. Mukakhala ndi vuto la m'dera, musadikire munthu amene amati amadziwana ndi akuluakulu. Muli ndi ufulu wofunsa nokha. Funsani mwaulemu, mwachidule: vuto ndi ili, adzakonza ndani, liti? Ndipo mbali yanu muichite.

Ife Lachinayi sitijombanso. Tamva woweruza milandu wopuma, tamva mtsikana woimba gitala, tamva mkangano wa zisankho woti mafani analephera kuuziziritsa. A Ndikuwadziwa nawonso amabwera, ndipo masiku ano amafika osesa asanamalize. Amakhala kumbuyo, pafupi ndi ine. Mlendo akakwera pansanja, amandiweramira n'kunong'ona:

"Azakhali, ameneyu ndi weniweni?"

Ine ndimayankha mokweza, kuti mzere wonse umve: "Kaya! Pitani mukamukumbatire tione."