Diso Lachiwiri la Kadzidzi

"Ulifufute disolo," anatero mchimwene wake. "Pala, kwecha, chita chilichonse. Anthuwo akufika naini koloko."

Mzime anali pa mpando wa malemu bambo awo, diso lili pa kagalasi kokuzira zinthu, akuyang'ana kachitsulo kofanana kukula ndi bokosi la machesi. Pamwamba pake panali kadzidzi wozokotedwa, chithunzi cha sitampu yatsopano ya positi. Mbalameyo inkamuyang'ana ndi maso onse awiri, ndipo mlandu wonse unagona pamenepo.

Bambowo anazokota masitampu a boma kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Lachisanu lililonse ankapaka inki pa chitsulo chimene akugwirapo ntchito, kudinda papepala, kulembapo tsiku, n'kukapereka ku ofesi kuti akuluakulu aone pamene ntchito yafika. Pepala lomaliza linapita kutatsala masiku awiri kuti awagoneke m'chipatala. Papepala limenelo kadzidzi anali ndi diso limodzi. Pamalo pa linzake panali poyera.

Chimene a ku ofesi sankadziwa n'chakuti maso a bambowo anachita ng'ala zaka zitatu zapitazo. Kuyambira pamenepo mzere uliwonse wa chithunzi unkadulidwa ndi Mzime, iwo atakhala pambali, akusisita chitsulo ndi nsonga ya chala n'kumadandaula kuti wazamitsa. Koma lamulo silidziwa za ng'ala. Chitsulo cha sitampu amachikhudza ndi mmisiri wolumbira yekha, ndipo wina aliyense akachiyika mpeni, kwake n'kundende.

Anawaika m'manda Lolemba. Lachiwiri masana, mipando ya anamalira idakali yosanjikizana pakhonde, Mzime analowa m'chipindamo kuti angopukuta fumbi. Chisoni chinam'khazika pansi, manja n'kupita okha kumene anazolowera. Pamene ankadzidzimuka, diso lachiwiri linali litatha.

"Chitsulo si bolodi la kusukulu, achimwene," anayankha Mzime tsopano. "Ndikapala pasala dzenje. Ndipo munthu akubwerayo amaona nsabwe pamutu pa nsabwe inzake."

Mchimweneyo anali dalaivala wa malole, munthu wozolowera kuti vuto lililonse limatha ukalimenya ndi sipanala. Anazungulira thebulo kawiri.

"Ndiye tinene kuti chinabedwa pamaliro. Anthu analipo ngati nyerere."

"Kuti apolisi akayambe ndi azakhali? Kapena amalume, ndi shuga wawo uja?"

"Nanga ukufuna ndikakuone kuseri kwa waya? Iwe Mzime, kodi mutu ukugwira? Anthu ena akaferedwa amalira, iwe ukupatsa akadzidzi maso!"

Mayi awo anali ataima pakhomo la chipindacho, jekete la malemu lili pamkono. "Musakuwe, ana inu. Atate anu sankakonda bodza m'nyumba muno."

"Sankakonda bodza?" Mnyamatayo anaseka kuseka kopanda mano. "Zaka zitatu, amayi! Zaka zitatu akulandira ulemu ndi manja a mwana. Lero agona phee, moto atisiyira ife."

Mayiwo anangopinda jekete lija kawiri, ngakhale linali lopinda kale. Mzime anamva mawuwo akum'lasa, chifukwa nayenso, m'masiku ena oipa, anaganizapo chimodzimodzi. Masitampu asanu ndi awiri anatuluka m'manja mwake, onse ali ndi dzina la bambo m'munsi.

Kunja galimoto linaima, injini n'kuzima. Zitseko zinatsekedwa ziwiri.

Woyang'anira amisiri anali bambo wamtali, wowonda, amene anzake a malemu ankamutchula kuti Akadiso akatembenuka. Pambuyo pake panali wapolisi atanyamula bokosi lachitsulo lokhala ndi loko. Wapolisiyo sanakhale pansi. Anaima pakhomo, mwina mwangozi, mwina ayi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero woyang'anirayo, chipewa chili pachifuwa. "Tataya dzanja. Sitichedwa, tangodzatenga katundu wa boma."

Anakhala pa mpando umene Mzime anachokapo, natulutsa pepala la Lachisanu lija, naliyala pambali pa chitsulo. Anawerama pa kagalasi. Wotchi ya pakhoma inkamveka ngati munthu akukhoma msomali. Mzime anabisa dzanja lamanja kumbuyo.

"Malemuwa analowa m'chipatala liti?"

"Lamulungu la sabata yathayi," anayankha mayi.

"Ndipo sanatulukemo."

"Sanatulukemo."

"Ndiye ndithandizeni, pakuti ine ndakalamba. Kadzidziyu waphenya bwanji?"

"Anagwira Loweruka, bwana," mchimwene uja analumphira. "Tsiku lonse. Ndinawaona ndi maso angawa."

Woyang'anirayo sanam'yang'ane n'komwe. Ananyowetsa chala ndi malovu, nachidinda pathebulo, nachikweza ku kuwala kwa pawindo. Pachalapo panakakamira tinyenyeswa ta chitsulo, topotana ngati tsitsi.

"Nyengo ya chinyontho ino, tinyenyeswa timada pakatha masiku anayi. Iti tikung'anima." Anapukutira chalacho pa mpango wake mosafulumira. "Chemwali, dzanja mwabisalo likupweteka?"

Wapolisi anasuntha phazi, bokosi lija n'kulira pang'ono.

Koma bamboyo anali atabwerera kale pa kagalasi. M'munsi mwa chitsulocho, pansi pa zikhadabo za kadzidzi, munali kamzere ka phula lofiira.

"Nanga phulali?"

"Ndi pa dzina," anatero Mzime. "Dzina ankazokota poyamba, chithunzi chisanathe, atadzitsekera okha. Akatero ankamatapo phula kuti pasakandike. Salola munthu kumatula mpaka tsiku lopereka."

Ananena kuti salola, ngati kuti bambowo angotuluka kukagula nyuzi.

Woyang'anirayo anamatula phulalo ndi chikhadabo, pang'onopang'ono. Popeza pachitsulo zonse zimalembedwa chobwerera, anatenga kakalilole ka pathebulopo nakaimika pambali kuti awerenge. Anawerenga kamodzi. Anapukuta kagalasi, nawerenganso. Kenaka anadzuka pa mpando uja n'kuloza Mzime kuti akhalepo.

Mzime anakhala.

M'kalilolemo munali dzina lake. Osati la Mzime, limene ankamuitanira kuti abweretse tiyi, koma lenileni, lonse lathunthu, lotsatidwa ndi mawu amodzi: anazokota. Zilembozo zinali zokhota, zina zozama, zina zongokanda pamwamba, ngati za mwana woyamba sukulu. Anazidula ndi munthu amene kale ankataya ntchito ya mwezi wathunthu chifukwa cha mzere umodzi wopendekeka. Pa chilembo chomaliza mpeni unaterereka kawiri, ndipo zinkaoneka kuti mwini wake anabwererapo kachitatu.

"Kwalembedwa chiyani?" anafunsa mchimwene wake. Atasuzumira, anagwira kumutu. "Mayo ine. Atipereka ndi dzanja lawo lomwe."

"Khala chete," anatero mayi awo, ndipo aka kanali koyamba kukweza mawu chiyambire maliro.

Woyang'anira anatsegula buku lake, nachotsa chivundikiro cha cholembera. "Ine ndimalemba zimene ndaona ndi zimene ndamva, basi. Zogamula n'za akuluakulu, ndipo sindingakulonjezeni kuti akakhala ndi chifundo. Munthu wosaona akhoza kulemba dzina la mwana wake chifukwa cha chikondi chabe, zimachitika. Mukandiuza choncho, ndilemba choncho." Anayang'ana Mzime. "Ndikufunsani kamodzi kokha, chemwali. Mawu ali apawa ndi oona?"

Kuseri kwa bamboyo, mchimwene wake ankapukusa mutu mwamphamvu, maso ali tong'o. Wapolisi anali atatsegula kale loko wa bokosi. Mzime ankaopa, ndipo mantha ake anali aakulu kuposa a tsiku limene adokotala anawaitanira pambali. Anaika nsonga ya chala pa zilembo zija, nazisisita kuchokera kumanja kupita kumanzere, mmene zinadulidwira.

Kenaka anatulutsa dzanja lija poyera, naliyala pathebulo, zikang'a zonse zili pamtunda.

"Ndi oona, bwana," anatero. "Lembani monga alembera bambo."