Kachidutswa ka Khungu la a Maluwa

"Mungomva ngati yakulumani nyerere," anatero dokotala uku akubaya jakisoni wa dzanzi.

"Nyerere za kwanu n'zonenepa," anayankha a Maluwa atayang'ana kukhoma.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo kuhotela kumene ankasamalira maluwa. Zilonda zinayambira pachala, n'kukwera mkono mondondozana ngati mabatani a malaya. Kwa miyezi isanu anapaka mafuta, anamwa mapiritsi, koma osasintha. Tsopano dokotala anadula kachidutswa ka khungu, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukaponya m'kabotolo.

"Mubwere pakatha milungu itatu."

Milunguyo inatalika. Kuntchito anawauza kuti ayambe apuma, alendo angaone. Kunyumba mpongozi wawo anawapatulira kapu, mbale ndi sopo. Mdzukulu wawo wamkazi akakwawira kwa iwo, mayi ake ankamunyamula msangamsanga. Aneba ankawapatsa moni ali patali, ndipo tsiku lina anamva wina akunong'ona kuseri kwa mpanda kuti ndi khate.

"Sikuti tikukusalani, bambo," anatero mwana wawo, maso ali pansi. "Koma mwanayu ndi wakhanda."

"Ndamva," anatero a Maluwa. Kuyambira pamenepo ankadyera kuchipinda, chitseko chili chotseka.

Tsiku litakwana anapita okha kuchipatala.

"Si khate, si khansa," anatero dokotala. "Ndi fangasi, wachibale wa chipere, koma wosaonekaoneka. Amakhala m'dothi ndi paminga. Munga unakubayanipo?"

"Tsiku lililonse, zaka makumi awiri."

"Ndiye analowera pomwepo. Simungapatsire munthu. Mukamwa mankhwala miyezi ingapo, zipola."

A Maluwa anasisita bondo.

"Mwadziwa bwanji, poti madokotala ena onse analephera?"

"Si ine. Ndi mayi wa ku labu, amene anayeza khungu lanu. Kawiri konse sanapeze kanthu, koma anakana kulemba kuti mulibe."

Atalandira mankhwala sanalunjike kugeti. Anafunsa njira, n'kutsata khonde lalitali mpaka kumapeto, kumene kunalibe benchi ngakhale mzere wa odwala. Anagogoda. Anatsegula mayi wa imvi, wovala gauni yoyera, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwasochera, bambo. Odwala safika kuno."

"Ndine mwini wa kachikopa kaja. Ka pamkono."

Mayiyo anayang'ana mkonowo nthawi yaitali.

"Ndinu nambala 418," anatero chapansipansi. "Munandivutitsa inu. Ndinasenga kakhungu kaja mopyapyala, n'kumapaka utoto wosiyanasiyana. Kachitatu m'pamene tizilombo take tinaoneka, titatu tokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndabwera kudzathokoza."

Mayiyo anaika kapu pansi. "Zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chino, ndimangodziwana ndi mabotolo. Nkhope ndaiona lero. Mukufuna kuona chimene chakuzunzani?"

Anaika kagalasi pa maikulosikopu. A Maluwa anawerama, n'kutsinzina diso limodzi. Poyamba anangoona kuwala. Kenako tinaoneka tinthu tofiirira, tosongoka ngati njere za nkhaka.

"Timeneti basi?"

"Timeneto basi."

Mayiyo anakoka mpando wachiwiri, n'kuupukuta fumbi ndi dzanja.

"Tiyi alipo, ngati simukufulumira."

A Maluwa anaganiza za kunyumba, kumene panalibe amene anawafunsa kuti abwera nthawi yanji. Anapinda pepala la dokotala, kuliika m'thumba, n'kukhala pansi.