Pakati pa Thokozile

Ndiye kuti masiku ano mimba amauzana pa foni. Ayi, kuuzana kwake kuti, poti Thokozile sananene kanthu, anangotumiza kavidiyo kwa mayi ake, a Dailes, kuti adzionere okha ali pamsika pa Nsipe, dzuwa lili paliwombo, ndowa zawo za kachewere zili m'mbali mwa msewu.

M'kavidiyomo muli kagombe kobisika pakati pa matanthwe oyera, kofikako pa boti basi, nyanja yomwe ija inaswa chombo cha Paulo m'Baibulo, kwawo kwa mzungu amene anakwatira mwana wawo. Patebulo pali buledi wonyika m'mafuta, tinsomba towotcha tofinyira mandimu, ndi chinyama cha miyendo yambirimbiri chimene kuno ngakhale galu angachinunkhize n'kutembenuka. Munthu wapakati kumadya zimenezo! Pakati pa Thokozile pakuchita kuonekeratu, diresi lakana, ndipo apongozi ake, nkhalamba ya imvi mbuu, akusisita pamimbapo poyera, anthu akuseka.

Mimba yoyamba satchula mwini wake, amadikira akuluakulu aione, amulange chisamba. Mwina mwanayo akusunga mwambo, akudikira mayi ake ayambe ndiwo — kapena wangowataya, ndipo angamunene ndani? Si iwo kodi analavula zitona pamaso pa mkamwini, tsiku lija anabwera ndi botolo la azitona a m'munda wa makolo ake, iwo n'kumayesa chipatso cha m'Baibulo chitsekemera ngati masuku? Abale anaseka, Thokozile anazyolika. Komanso chinthu chowawa mchere chotero munthu ameze chifukwa cha ulemu? Mtima unawawawa.

"Mayi, kachewereyu bwanji?" anafunsa bambo wina pawindo la galimoto.

"Funsani anzangawo."

Kumuimbira Thokozile n'kosavuta, koma akakayankha kuti achirira komweko, kuti mdzukulu akamusambitsa ndi manja a eni nyanja, iwo adzakhala agogo a pa foni mpaka kumanda. Chala chinazengereza, n'kubwerera ku kavidiyo kaja, ndipo ulendo uno anaonera mpaka kumapeto. Nkhalamba ija inapereka mbale. Thokozile anailandira ndi manja awiri, maso pansi, bondo litapinda pang'ono pamchenga — ulemu umene a Dailes anaulowetsa mwa mwanayo ndi kamkwapulo ka pichesi, kuseri kwa nkhokwe. Nkhalambayo sinaone n'komwe, inali ikuthira vinyo.