Kazitape wa Zitenje

Tithokoze atasankha Chifalansa ngati phunziro lowonjezera pa maphunziro ake a zamalonda ku yunivesite, amayi ake anati n'kutaya nthawi. Koma pa holide anamutenga popita kokaoda zitenje kwa azimayi awiri a ku Zaire amene ankachita lendi ku Zingwangwa.

"Ukatseke pakamwa," anamuuza amayiwo. "Uzikangomvetsera zimene amanong'onezana akafuna kundidyera masuku pamutu."

Amayi ali mkati mosankha, azimayi aja anayambadi kulankhulana m'Chifalansa. Tithokoze analephera kudzigwira, anaphulika kuseka. Chinsinsi chinaululika pomwepo, ndipo azimayi a ku Zaire aja anamukumbatira mwachimwemwe n'kumuunjikira mafunso.

Mu minibasi yobwerera kwawo ku Machinjiri, amayi anali atatupa ndi mkwiyo.

"Kazitape wanji woseka? Chabwino, amandinena zotani?"

"Amati, 'Mayi uyu ali ndi diso. Nthawi zonse amatola zitenje zomwe timafuna kudzisungira tokha.'"

Amayi anayamba kusisita mtolo wawo wa zitenje pamiyendo. Minibasi itayamba kukwera chitunda, anamugwedeza bondo.

"Tanenanso, mwanawe. Uyambe m'Chifalansa chakocho, kenako m'Chinyanja. Ndipo ukweze mawu, akumbuyoku sanamve."